Dziwe Lokana Mawu a Mlendo

Lachisanu, 9 Meyi

…ndiye ndinali nditangofika poti shaki ija ndaigwira kumchira, ikundikoka kuchoka ku chilumba chathu cha Ambrym kulowera ku chilumba cha Epi, ine ndikuimba nyimbo ya kwaya, pamene azakhali ake a Leiwia anaika supuni pansi. Gwa!

"Kodi mwamunayu ali ndi pozimitsira?"

Azakhaliwo ankafunsa Leiwia, osati ine. Ine ndili pomwepo, laplap, chigumu chawo cha zilazi, ili m'manja, sindinalume n'komwe.

Tsiku langa loyamba kudya kwawo kwa mkazi amene ndikufuna kumukwatira. Shati yatsopano, yamaluwa ofiira. Kava, chakumwa chathu cha mizu, ndinapita naye wabwino, mizu yonenepa ngati mkono wangawu. Kulonjera ndinalonjera bwino. Kungoti atandifunsa ngati ndimatha kusambira, ndinayankha mokwanira. Funso linali lawo.

Leiwia anati, "Kumsika amawatchula Wailesi, azakhali. Mabatire awo satha."

Kalmelu, mchimwene wake wamkulu, sanaseke. Munthu wake ngati chitseko cha tchalitchi, m'litali ndi m'lifupi momwe. Ndinamutchula alamu. Akuti, "Ulamu wake uti? Madzi sanakuoneni."

Nkhani yake ndi iyi. Ali ndi dziwe lawo m'nkhalango, kuseri kwa minda ya kokonati, chakufupi ndi nyanja. Osati lija la azungu lolipiritsa pageti ayi. La mtundu wawo okha. Mwamuna wa chilumba china akafuna mkazi wa pabanjapo amamutengera kumeneko. Asambire mpaka tsidya, akhudze mwala umene madzi amatulukirapo, abwerere. Zophweka. Koma kuyambira pamalo pamene anamangirira tsamba la mtengo wa namele, chizindikiro cha malo opatulika, panjira mpaka kubwereranso pomwepo, asatulutse liwu. Ngakhale limodzi. Akuti madziwo amadziwa mawu a eni ake okha, liwu la mlendo limawanyansa, amada. Lamulungu lotsatira banja limapita kukaona. Akakhala oyera, ukwati ulipo. Akada, kwera minibasi yako uzipita.

Ndinaseka. Ndekha.

Pondiperekeza ku galimoto Leiwia anati, "Musaseke, a Esrom. Madzi akakana, ine sinditsutsana ndi abale anga. Ana angawa amadya za nthaka imeneyi, bambo awo anagona pomwepa." Ananena motsitsa, akundikonza kolala.

Kudziweko tikupita Lachitatu likubwerali.

Loweruka, 10 Meyi

Ulendo wa kumsika m'mawa. Madengu a Leiwia a zilazi ndi kabichi kumbuyo, iye kutsogolo monga mwa masiku onse. Mpando umenewo ndimauletsa wina aliyense, ngakhale abusa.

Ndinamuuza kuti kukhala chete si nkhani kwa ine. Phiri lathu litaphulika ndili mwana ndinakhala sabata yathunthu osayankhula, pakamwa patadzaza phulusa, amandithira madzi ngati akuzimitsa mbaula. Akuti, "Ndiye tipemphere liphulikenso Lachiwiri."

Mkazi ameneyu. Akazi a mu tauni ya Vila muno ndawanyamula onse, theka la iwo ankandifuna, enawo anali asanandimve bwino. Koma amene amandidula pakati pa nkhani ine n'kukondwa ndi mmodzi yekha. Akatsika, minibasi imakula, imakhala ngati holo.

Ndinamufunsa ngati alipo amene madzi anamukana. Alipo. Mphunzitsi wina wa ku chilumba cha Malekula, ankafuna msuweni wa Leiwia. Atangoona dziwelo anati "eee!" basi. Lamulungu madzi ngati tiyi wamkaka. Mtsikanayo anakwatiwa ndi wina.

"Eee" yekha. Ine "eee" ndimanena ndili m'tulo.

Lolemba, 12 Meyi

Lero ndinayeserera. Ndinati kuyambira m'mawa mpaka masana, pakamwa loko.

Woyamba kukwera, mayi wonenepa uja wa ku Freswota. Ndinangogwedeza mutu. Anandiyang'ana pagalasi, n'kundiyang'ananso. Potsika anandigwira phewa: "Pepani bambo, wamwalira ndani?" Pofika pamsika mbiri inali itandipitirira kale. Anyamata a pa siteji chipewa m'manja. Wina akuti wamva kuti ndi amalume anga, wina akuti ayi adokotala andipeza ndi chotupa pakhosi. Mayi wogulitsa mtedza anandipatsa kapaketi kaulere, maso ali ofiira.

Ndinapirira mpaka pamlatho wa Tagabe. Pamenepo taxi inandidula mopusa, ndipo zonse zimene ndinasunga m'mawa wonse zinatuluka kamodzi. Galu amene anagona m'mbali mwa msewu anadzuka n'kusamuka. Okwera anawomba m'manja. Gogo wina kumbuyo: "Ambuye alemekezeke, wachira."

Choipa n'chakuti ndikakhala chete m'mutu mumachuluka anthu. Amayamba kufunsa mafunso. Kodi ukanakhala iwe Kalmelu, mlongo wako ukanampatsa Wailesi?

Tayala lakumbuyo latha, waya akuoneka. Nkhumba ya ukwati ikudya kuposa ine.

Lachiwiri, 13 Meyi

Leiwia ankafuna kundiuza china chake pobwerera kumsika. Anayamba, "A Esrom, madzi akwathu sali ngati nyanja, sanyamula munthu…" Ine ndinamuuza za tsiku lija ndinasambira ndi thumba la simenti pamutu boti litagubuduzika, simenti osanyowa. Anandilekerera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Chabwino. Musadye kwambiri m'mawa."

Madzi ndi madzi. Ndinabadwira m'mafunde ine.

Kava lero sindinamwe. Anzanga akuti ndalodzedwa.

Lachitatu, 14 Meyi

Ndilemba lero lomwe, ndisanayambe kuwonjezera. Ndimadzidziwa.

Tinanyamuka m'mawa nyanja itaphwa. Azakhali Toumanu patsogolo ndi ndodo yawo, Leiwia, ine, Kalmelu kumbuyo ngati woperekeza mkaidi. Minda ya kokonati, ng'ombe, waya waminga, kenako nkhalango. Tsamba la namele lili apo pamtengo, alimangirira ndi chingwe cha nayiloni. Azakhali anandicheukira n'kuika chala pamlomo. Wailesi n'kuzima.

Kaya n'chifukwa chotseka pakamwa, makutu anatseguka. Nkhanu zikuthawa m'masamba ouma, tswatswatswa. Njiwa kutali. Ndipo pansi pa mapazi, mkati mwa thanthwe, china chake chikupuma. Huu. Chete. Huu. Nyanja, ikulowa ndi kutuluka m'mapanga apansi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyenda pamwamba pa zinthu zopuma, osadziwa.

Kenako mitengo inangopatuka.

Ine mawu ndimadziwa ambiri, zinenero zitatu ndi theka. Mtundu uja ndilibe dzina lake. Buluu wa minibasi yanga ndi dothi. Buluu wa kumwamba ndi nsalu yakale yochapachapa. Uwu ngati wina anayatsa nyale pansi pa madzi n'kuiwala kuzimitsa. M'mbalimbali mobiriwira, pakati buluu wolowa m'maso mpaka kutsikira pakhosi. Mitengo ya kachere ikuluikulu kuzungulira konse, mizu yake yolendewera ikumwa. Mphepo palibe. Madzi ali phee, moti nsomba zimaoneka ngati zikuuluka m'malere, mithunzi yake ikuyenda yokha pamchenga woyera pansipo. Tsamba limodzi lachikasu litagona pansi, mitsempha yake ndimatha kuiwerenga.

Azakhali anawerama, anatunga m'manja n'kumwa. Akumwa! Onsewo ndi madzi akumwa! Ine wa ku Ambrym, kumene madzi amakhala m'thanki yokhoma ndi loko, kumene chilimwe anthu amayambana chifukwa cha chigubu chimodzi. Apa madzi okwanira chilumba chathu chonse mpaka Yesu adzabwere, angokhala m'nkhalango, opanda loko, opanda mzere wa zigubu, opanda wowalondera. Chipewa ndinavula popanda wondiuza.

Tsamba lachikasu lija ndi limene linandinamiza. Ndinati apa madzi alekeza m'chiuno. Ndinatsika pamuzu ngati munthu wotsika minibasi.

Chubwi! Pansi palibe.

Kuzizira kwake ngati akumenya ndi thabwa pachifuwa. Ndinavuuka mawu otukwana akwathu ali pamzere pakhosi, onse akufuna kutuluka. Ndinawameza limodzi ndi madzi.

Apa ndi pamene ndinamva zimene Leiwia ankanena dzulo. Nyanja imakubereka kumsana. Awa ayi. Ukangosiya kupalasa pang'ono, miyendo ikulowera pansi ngati wavala nsapato zachitsulo. Ine chibadwire madzi opanda mchere ndinkawadziwa m'kapu basi. Ndinapalasa ngati galu. Ulemu wonse unatsala pamuzu paja.

Mwala ndinaufika. Wakuda, woterera. Pansi pake pali dzenje limene madziwo amatulukira, ndimawamva akundikankha pamimba, ozizira kuposa ena onse. Ndinaika dzanja. Mwalawo ukunjenjemera pang'onopang'ono ngati boneti injini ikulira. Kodi madzi amenewa akuchoka kuti, ndipo anayamba liti kutuluka, usana ndi usiku, popanda woyang'ana?

Pobwerera, pakati penipeni, mwendo wamanzere unakokana. Katumba gwa ngati chilazi chosapsa. Kenako wamanja.

Ndinamira.

Zimene ndinaona pansipo ndikanawauza anzanga komwera kava akanati ndayambanso. Dzuwa litasweka zidutswazidutswa pamwamba. Kuwala kukutsika mozungulira ine ngati nsanamira za tchalitchi chachikulu. Anthu atatu aja ataima m'mwamba pa denga lagalasi, diresi yachikasu ya Leiwia ikuvina yokha. Mkunga unatuluka m'mizu. Ndikanati wautali ngati minibasi, koma ayi, ngati mkono wanga ndi theka. Unandiyang'ana ngati mwini nyumba wapeza mlendo pabalaza, n'kubwerera. Phokoso lililonse palibe. Mantha analipo, koma pambali pa manthawo panali china, chofuna kungoyang'anabe.

Pakamwa ndinatseka ngati botolo la mankhwala. Ngakhale "a" sindinanene. Zimenezi adzalembe pamanda anga.

Denga lija linasweka. Kalmelu walumphiramo, ndi shati yomwe, nsapato zomwe. Anandigwira kabudula kumbuyo ngati akunyamula kamwana ka nkhumba.

Kumtunda ine ndikusanza madzi, iye akukuwa, poti mwini madzi amaloledwa: "Chitsiru cha munthu! Bwanji osakuwa? Ukanafa ife tikuyesa ukudzionetsera! Munthu wa simenti pamutu ndi ameneyu?" Mayankho ndinali nawo ambiri, onse abwino. Ndinangoloza pakamwa. Leiwia akulira uku akuseka, akundimenya kumsana mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira.

Titadutsa tsamba la namele onse anaima, kudikira kuti ndinena chiyani. Ndinati, "Foni yanu, akulu." Inali m'thumba la shati ya Kalmelu. Yatha.

Kalmelu akuti siziwerengedwa, sindinabwerere ndekha. Azakhali anati, "Mwala anaukhudza. Zotsalazo si zako, si zanga. Madzi anena Lamulungu."

Lachinayi, 15 Meyi

Thupi lonse ngati zandipondaponda ng'ombe. Ntchito ndinapita, foni ya munthu siidzigula yokha.

Pa siteji akufunsa kuti zinayenda bwanji. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, mkunga ndinali nditautalikitsa kale mpaka ku Epi. Sizinatuluke. Ndinati, "Kuli madzi." Akuti, "Basi?" Ndinati basi. Anayang'anana.

Ndikatsinzina, buluu uja. Ndinadutsa okwera awiri akundibaibitsa, osawaona.

Chakumasana mitambo kumapiri, yakuda bii.

Loweruka, 17 Meyi

Mvula chiyambire dzana. Osati yowaza. Yothira ndi ndowa. Mitsinje yonse ya m'mbali mwa msewu yofiira ngati supu wa nyemba, ikukoka mitengo. Nyanja yomwe yada mpaka kutali.

Leiwia sanapite kumsika, minda yadzaza madzi. Ndinamuimbira. Ndinati mvula si mlandu wanga, kodi azakhali sangadikire sabata ina? Akuti, "Tsiku ndi lomwelo. Madzi amadziwa kusiyanitsa mvula ndi munthu." Kenako chete pafoni, wautali. Ine ndi amene ndimadzaza chete wotero nthawi zonse. Lero ndinalephera. Iye anati, "Mwadya?"

Ndinapukuta mpando wakutsogolo kawiri, popanda wokhalapo. Akada madziwo, ndimutengabe kumsika Lolemba? Akhala kumbuyo ndi kabichi? Ndiziti chiyani pagalasi?

Nkhumba ilibe nazo ntchito. Ikudya.

Pali chimene sindikulemba.

Lamulungu, 18 Meyi

Mvula inakata tili m'tchalitchi. Ulaliki sindinamve. Ndinakhala benchi lakumbuyo kwawo kwa Leiwia, anthu akundisuzumira ngati ng'ombe ya pamsika.

Titaweruka, anthu anayi omwe aja. Njira matope okhaokha, nsapato zanga za tchalitchi zinatsala m'thope, ndinapitiriza chabe. Kamtsinje ka pa waya waminga, kamene Lachitatu tinangokalumpha, lero kofika m'mawondo, kofiira. Ndinakayang'ana, Kalmelu anandiyang'ana. Leiwia akuyenda maso pansi, m'mphepete mwa diresi atagwira m'manja.

Tsamba la namele. Chala pamlomo. Sikunali kofunika.

Pansi pa thanthwe kupuma kuja, lero kwamphamvu, kumveka m'mafupa. Masamba akudontha. Mtima wanga ukugunda moti ndinaopa kuti auwerengera ngati liwu. Pa mtengo womaliza ndinatsinzina. Sindinafune kuona tiyi wamkaka.

Leiwia ndi amene anandigwira chala. Chimodzi chokha, chaching'onochi.

Oyera. Oyera mbee. Chilumba chonse matope, nyanja yada, misewu yakokoloka, koma apa ngati mvula inapempha chilolezo n'kukanizidwa. Adzaza kuposa Lachitatu, afika pamuzu ndinatsikira paja, koma mchenga wapansi ukuoneka kambewu kalikonse. Dzuwa linatuluka nthawi yomweyo, madontho akugwa m'mitengo, lililonse likujambula kamphete kake, timphete tikukumana, kuwala kukuvina pansi pa masamba a kachere pamwamba pathu. Nkhungu yopyapyala ikuyenda pamwamba pa madzi ngati munthu wosafuna kudzutsa ana.

Azakhali Toumanu analowa mpaka m'akakolo, ndi diresi yawo ya tchalitchi. Anayankhula ndi madzi m'chinenero chawo, motsitsa, ngati akuuza mnansi nkhani pa mpanda. Ndinamvamo dzina langa lokha. Esrom, mwana wa Bongtalo, wa ku Ambrym. Anatunga m'manja, ananditsira pamutu, pakamwa, pachifuwa. Kenako anati, "Akudziwani tsopano. Yatsani wailesi yanu ija, mkamwini."

Onse akudikira. Leiwia wagwira pakamwa, waseka kale nkhani imene sindinayambe.

Ndinafunafuna. Munalibe kanthu. Ine, Esrom. Ndinangokhala pansi pamuzu, mapazi m'madzi, misozi ikutsika yokha ngati mwana. Azakhali anati, "Leiwia, uzibwera naye kuno kawirikawiri."

Pobwerera akazi anatsogola. Kalmelu anachedwa dala, akuyenda pambali panga. Anati, "Alamu." Ndinacheuka kufuna amene akumuitana. Akuti, "Ndinu nomwe. Koma thovu lija linali lambiri, alamu. Ine ndinali pamwamba, ndimaona. Munthu wotseka pakamwa satulutsa thovu lotero." Ndinaima. Iye sanaime. Anangoti, "Ine sindinamve kanthu. Foni ikhale yojambula bwino."

Ndiye ndikonze pano, poti buku ili ndi langa. Zija ndinalemba Lachitatu, za botolo la mankhwala, bodza. Pamwamba sindinanene kanthu, zimenezo n'zoona. Koma pansi paja, mpweya utatha, ndinakuwa ndi pakamwa ponse. Ndikanakonda kulemba kuti ndinaitana Leiwia, ikanakhala nkhani yabwino ya paukwati. Ayi. Ndinaitana amayi anga, m'chinenero chakwathu, mmene ndinkawaitanira ndili kamwana. Amayi amene ankatisambitsa tonse ndi kapu imodzi, otsalawo n'kuthira pa nthochi, ndipo anamwalira asanaonepo madzi ochuluka kuposa thanki.

Madzi anamva. Liwu la mlendo, lonse lathunthu, pakati pawo penipeni. Anali nawo mpata wokwanira woti ade, mvula inawapatsanso chonamizira.

Sanade.